Bala la Mabatani

Mabatani anakana kudya. Atelala anamusendezera mbale mpaka pamphuno, koma galuyo anangoinunkhiza n'kutembenukira kukhoma. Anagona pansi pa tebulo la makina osokera, akupuma mwawefuwefu.

Galuyu anali wa malemu akazi awo. Anamutola ali kamwana, n'kumupatsa dzinalo chifukwa ankakonda kutafuna mabatani ogwa pansi. Chimwalirireni mayiwo, atelala ankacheza kwambiri ndi galuyu kuposa ndi anthu. Masiku angapo m'mbuyomo, mwana wawo wamkazi anapita naye kuchipatala cha ziweto kukamuchititsa opaleshoni yochotsa chiberekero, poti ana agalu anali atawachulukira pakhomo. Anabwerako atavala kolala ya pulasitiki yonga fanulo, yomuletsa kunyambita bala.

Mwana wawoyo atabwera kuchokera kuntchito masanawo, anaima pakhomo.

"Bambo, kolala ija ili kuti?"

"Ndinamuvula," anayankha atelala, maso ali pansalu. "Amangogunda nayo miyendo ya tebulo, kulira ngati khanda. Mtima sunandilole. Komanso galu amadzichiza yekha ndi lilime. Takula tikuziona zimenezo."

Mtsikanayo anagwada n'kutukula mwendo wa galuyo pang'onopang'ono. Bala la pamimba linali litatupa, litafiira, likutentha. Mbali ina ulusi unali utaduka, ndipo pankatuluka mafinya onunkha.

Atelala anavala magalasi n'kuwerama. Analiyang'anitsitsa balalo.

"Waduka ndi ulusi wokha eti? Tandipatsa singano yaing'ono ija. Tikamupatsanso piritsi langa lija la mutu, mawa adzuka."

"Bambo, Mabatani si thalauza! Tavalani nsapato, tikupita kwa adokotala."

Anamukulunga m'bulangete lakale. Mtsikanayo anati amunyamule, koma bambo ake anakana. Anamufungatira okha mpaka kuchipatala, akumulankhula chapansipansi njira yonse.

Dokotala wa ziweto, mayi wofatsa, anamugoneka patebulo. Anamuyeza kutentha kwa thupi, kenako anatsuka balalo mosamala.

"Mwachita bwino kubwera lero," anatero. "Matendawa akadali pakhungu. Akanalowa m'kati mwa mimba, bwenzi tikukamba zina."

Atelala anavula chipewa. "Adokotala, kolala ndinamuvula ndine. Kodi ndamupha?"

"Ayi bambo, achira ameneyu. Munamumvera chisoni, si mlandu. Koma m'kamwa mwa galu muli tizilombo tambiri. Akamanyambita, amatilowetsa m'bala, ndipo mano amadula ulusi. Kolala imamusowetsa mtendere masiku oyamba, kenako amaizolowera."

"Ankafunanso kumusoka okha," mtsikana uja anaulula.

Adokotala anaseka pang'ono. "Luso lanu ndi la nsalu, ili ndisiyireni. Bala la mafinya sitilitseka msanga, timayamba taliyeretsa. Ndipo mankhwala a anthu musamupatse. Ena ochepetsa ululu amawononga chiwindi ndi impso za galu, mpaka kumupha."

Adokotala anamubaya galuyo jekeseni, n'kuwapatsa atelala mapiritsi. Anawauza kuti amumwetse mpaka athe, ngakhale ataoneka ngati wachira. Asamusambitse, asamulole kuthamanga kapena kudumpha, ndipo pogona pake pakhale pouma ndi paukhondo. Balalo aziliona m'mawa ndi madzulo.

"Mukaona likutupa kwambiri, likutuluka magazi kapena likutseguka, kapenanso galuyu akusanza, bwererani pompo. Musadikire tsiku lomwe ndakupatsani."

Atafika kunyumba, atelala anamuveka okha kolala ija. Mabatani anawayang'ana ndi maso odandaula, n'kuyamba kulira.

"Lira, mwanawe," anatero akumusisita pamsana. "Ulendo uno sundinyengerera."

Anasuntha mipando kuti galuyo asamagunde poyenda. Mbale yake anaiika pa njerwa kuti azidya bwino kolala ili m'khosi. Akayamba kudandaula, ankaimitsa makina n'kukhala naye pansi, akumukanda kuseri kwa makutu mpaka atagona. Makasitomala ena anadikira zovala zawo, koma atamva chifukwa chake sanakwiye.

Pang'ono ndi pang'ono kutupa kunaphwa ndipo fungo linatha. M'mawa wina mtsikana uja akutuluka kupita kuntchito, anamva mbale ikulira pansi. Mabatani anali atamaliza chakudya chonse, akukankha mbaleyo ndi mphuno kufuna china.

"Bambo, tabwerani mudzaone!"

Atelala anafika n'kuima pakhomo. Anangovula magalasi n'kupukuta m'maso.

Pa tsiku lobwerera kuchipatala, adokotala anapeza bala litauma, khungu litagwirana bwino. Anachotsa ulusi wotsala, ndipo kolala anaivula ndi manja awo. Mabatani anadzikung'untha, n'kulumphira atelala mpaka kuwagwetsera chipewa.

Galu akachitidwa opaleshoni, ntchito yaikulu imatsalira ife a pakhomo. Kolala isavulidwe mpaka dokotala atanena. Balalo tiziliona tsiku ndi tsiku, ndipo tikaona kutupa, mafinya, fungo loipa kapena galu akukana kudya, tithamangire kwa dokotala wa ziweto. Tisamupatse mankhwala athu. Galu sangatiuze pomwe pakumupweteka, choncho maso athu ndiwo amupulumutse.