Tonde Wosanunkha

Ndinagulitsa njinga yanga kuti ndigule tonde, poti mbuzi zinayi za m'khola mwathu zinali zazikazi zokhazokha. Kumsika ndinasankha wonenepa, wofatsa, wosanunkha ngakhale pang'ono. Ndinamuyendetsa mumsewu ngati mkwati.

"Bambo a mwana, tonde wanji wosanunkha?" anafunsa mkazi wanga.

"Ndi wamakono ameneyu. Za mbuzi muzindisiyira ine."

Chaka chinatha, tonde akungomaliza madeya, zazikazi osatenga bere. Ndinaitana alangizi a ziweto kuti adzazibaye jakisoni. Iwo anangowerama kumbuyo kwa tonde wanga, n'kuweramuka akupukuta misozi ya phwete.

"Achimwene, ameneyutu anafulidwa kalekale."

Lero kumsika ndimapita wapansi. Koma apongozi akafuna mbuzi ya ndiwo amatuma ine. Akuti pa nyama yokha, diso ndili nalo.