Dzanja la a Job pa Kanema

Maso a a Job anali atayamba kuchita mdima, choncho akazi awo, a Elestina, anawatsogolera kusitolo ya pa Boma kumene kunali kanema. Atolankhani a ku Blantyre anali atajambula mbuzi zawo zamkaka, ndipo a Job ankafunitsitsa kudziwa ngati iwonso aonekera.

Nkhani itafika, wowerenga anati ndi mbuzi za alimi a ku Thyolo. Anthu anaseka, poti kwawoko sikunali ku Thyolo.

"Nanga ine ndaoneka?" anafunsa a Job motsitsa mawu.

"Aonetsa dzanja lokha, likukama," anayankha a Elestina.

"Ndiye lingakhale la munthu aliyense."

"Ayi, bambo a Hana. Chala chokhota chija ndinachimanga ndine chitathyoka. Ku Thyolo kulibe dzanja limenelo."

A Job analipukuta pamalaya, kenaka analipereka kwa akazi awo kuti azipita kwawo.