Fumbi la ku Makoni

Lolemba pa 10 Juni 1985, Kefasi Mbewe atafika kwawo kudera la Unit L anapeza mabotolo ake atatu atatsukidwa, ali mbee pazenera. Lachitatu kunkabwera woyendera sukulu. Kefasi anali mphunzitsi wogwirizira, ndipo phunziro la tsikulo ndilo likanagamula ngati ntchito ipitirire.

M'mabotolomo munali fumbi limene anasefa kwa milungu itatu: losalala, lapakati ndi lamchenga. Ankafuna kulithira m'beseni la madzi, kuimika kandulo pakati, n'kutakasa, kuti ana aone mmene fumbi ndi mpweya zimazungulirira nyenyezi yongobadwa kumene, mpaka timibulu n'kugwirana kusanduka mapulaneti. Analinso ndi chithunzi chodula m'magazini, cha chimbale cha fumbi chozinga nyenyezi ya Beta Pictoris, chojambulidwa ku Chile mu 1984.

"Amayi, fumbi langa lili kuti?"

Amayi ake, a Eneless, sanasiye kusita. "M'ngalande."

"Lonse?"

"Ukanafuna ndisiyeko lina? Mai Tabitha apanyumba iyo anakuona ku Makoni, utanjuta pokwerera mabasi, ukutapa dothi ndi supuni. Pamene aponda anthu, Kefasi. Mwana wawo watupa phazi, akuti unatapa lake."

"Anaponda msomali. Ndinalipo."

"Kawauze. Ife a ku Malawi, kuno kudziko la eni, amatinena kale kuti ndife amankhwala, iwe n'kumaika mapazi a anthu m'mabotolo."

"Losalala limapezeka pamenepo pokha. Ndi za nyenyezi, amayi."

"Nyenyezi zili ku Makoni?"

Kefasi anakhala pansi. Anayamba kufotokoza za chimbale chija, n'kulekera panjira. Kunali kutatsala tsiku limodzi, ndipo bwalo lapakhomo linali losesedwa mpaka kuuma gwa.

A Eneless anaika simbi pambali, navula nsapato. Anatuluka ndi khasu, nagalauza pafupi ndi mpanda, n'kuyamba kupondaponda.

"Mai Tabitha, tabwerani muone. Mapazi ndi angatu awa. Akatupa, atupa anga." Kenaka anatembenuka. "Aphunzitsi, tengani supuni yanu."

Kefasi anagwada, natapa. Dothilo linali lofiira, lachinyontho, la mibulu ngati nandolo. Pasefa sipanadutse kanthu.

"Ili ndi mapulaneti kale," anatero.

"Ndiye ndakuchepetsera ntchito."

Kefasi analiyanika pa lata, napita kukabwereka mtondo, Mai Tabitha akumuyang'anabe pampanda.