Maikolofoni ya Eston

Filimu itangoyamba mu holo ya ku Evington, Eston anali atakakamira kale maikolofoni. Zain anamupempha kuti angolandira alendo basi. Koma Eston, asanabwere ku Leicester kudzasamalira okalamba, ankamasulira mafilimu m'mavidiyo a ku Ndirande, ndipo khalidwe limenelo anakwera nalo ndege.

Filimuyo inali ya Zain, ya makawuboyi koma yachilendo. Anaijambula m'minda yokololedwa kale kunja kwa Loughborough. Jestina, yemwe ndi nesi, ankasewera ngati mayi wosakasaka munthu amene anapha mchimwene wake. Bambo ake a Zain, a Aboobaker, anakhala kutsogolo penipeni. Iwo anali atagamula kale kuti filimuyo ikaoneka ya mutu, mnyamatayo apitirize za kamera, apo ayi akaime m'shopu yawo ku Belgrave.

Pachinsalu, Jestina ankayenda yekha, akuoneka kanthu kakang'ono pansi pa thambo lalikulu. Kenako kamera inaima pankhope pake osasuntha, misozi ikutsika m'masaya. Nyimbo panalibe, mawu panalibe, mphepo yokhayokha. Bata limeneli Zain analivutikira nyengo yonse yachisanu, zala zikuuma.

"Eee, taonani mayi athuwa!" Eston anabangula. "Akuganiza za shifiti ya mawa! Basi yawasiya!"

Holo yonse inafa nalo phwete. Zain ali kumbuyo anakupiza manja kuti munthuyo aleke, koma Eston anayesa akumuchemerera. Pachinsalu patatulukira bambo wa chipewa chakuda, Eston anapitiriza.

"Musavutike ndi kuganiza, abale anga. Mukumuona wachipewa chakudayo, mwamuna wawo? Anapha ndi ameneyo! Musadandaule, kumapeto afa, mfuti yake ikana!"

Zain anazula waya n'kuyatsa magetsi. Kenako anatembenukira kwa Eston.

"A Eston, mwandipha! Ndinati mungowelikama anthu, osati kundiulutsira mathero a filimu!"

"Iwe mwana, anthu amayamba kuwodzera," Eston anayankha mosatekeseka. "Filimu yanji ya kubwezera yopanda ndi chibakera chomwe? Ndimakuthandiza. Mutu umodzi susenza denga."

"Denga lake ndi langa! Ndani anakupemphani kusenza?"

Jestina anaimirira pakati pa anthu, nkhope ili gwa. "Misozi ija sinali ya anyezi, Eston. Pojambula ndinkakumbuka mchimwene wanga amene anaikidwa m'manda ine ndili pa wodi kuno. Ndiye iwe uziti basi yandisiya?"

Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo. Eston anangokanda kumutu. "Komatu achemwali, kwathu filimu sitionera ngati tili pa siwa."

Apa a Aboobaker ananyamuka, akumanga mabatani a jekete. Zain anawathamangira.

"Adadi, khalani pansi chonde. Ndiiristata, muione mmene ndinaipangira."

"Ndionerenji? Wakuphayo ndamudziwa, mfuti yake ikana." Analoza anthu amene anali akupukutabe misozi ya chiseko. "Awa asangalala ndi pakamwa pa Eston. Iwe wawapatsa mayi wongoyang'ana. Lolemba, kushopu."

Zain anaiyambitsabe filimuyo, maikolofoni ataitsekera m'chikwama. Sizinathandize. Nkhope ya Jestina itaonekanso, wina kumbuyo anakuwa kuti basi yawasiya, ndipo chiseko chinabukanso. Ambiri anakhamukira kumene kunali tiyi ndi samusa. Jestina anatuluka osatsanzika aliyense.

Lolemba masana Eston analowa m'shopu ya a Aboobaker kudzagula ufa, n'kupeza Zain ali pakauntala atavala epuloni.

"Bwana dayirekita! Anthu akuifunabe filimu ija. Akuti tiionetsenso, koma ndizimasulira kuyambira poyamba mpaka pothera."

Zain anaika ufawo m'jumbo, naukankhira kutsogolo osamuyang'ana n'komwe.

"Wotsatira!"