Masitepe a ku Mafizo

"Nyamula mbali yakoyo, iwe! Ukufuna tiwagwetse?"

Anali mbale wanga akundikalipira, thukuta lili kamukamu. Tinali pakati pa masitepe a chipatala, iye atagwira chikuku kumanja, ine kumanzere, bambo ali m'menemo. Chipinda cha mafizo chinali pamwamba, ndipo chikepe chinafa kalekale moti pakhomo pake anali ataikapo poto wa maluwa.

"Ana inu," anatero bambo, mawu akukoka chifukwa sitiroko inali itawapotoza pakamwa, "zaka zonse zija ndayendetsa basi sindinagwetsepo munthu. Inu ulendo umodzi wokha mukufuna kundiponya kuphompho?"

Tinaseka mpaka chikuku chinapendama. Mayi, amene ankabwera pambuyo atanyamula chikwama, anakuwa kuti tikawagwetsa amuna awo tisabwerenso kunyumba.

Ine ndi mbale wangayo ndife mapasa. Tinkagona bedi limodzi, tinkakhala desiki limodzi kuyambira kalasi yoyamba mpaka mayeso omaliza a sekondale, ndipo tonse tinakhoza bwino. Nkhope zathu n'zofanana moti mayi amavomera okha kuti tili makanda ankatha kusambitsa mmodzi kawiri. Koma mitima ayi. Iye ankadziwa chimene akufuna kuyambira tili aang'ono, akumanga nsanza pamwendo wa mphaka amene sanavulale, ndipo bambo anamutcha Dokotala. Ine ananditcha Zonsezonse. Ndinayambapo gitala, n'kumusiya. Ndinayambapo Chifalansa, kwaya, mpira wamanja, kusoka. Chilichonse ndinkachikonda ndi mtima wonse, mpaka china chitadutsa.

Mwezi umenewo tinkayenera kusankha zokaphunzira ku yunivesite. Dokotala anadzaza fomu yake tsiku lomwelo. Yanga inangokhala pamwamba pa kabati ikudya fumbi, pomwe aliyense pakhomo anali atandisankhira kale.

"Pakamwa ngati pamenepa n'pa loya," ankatero malume, amene sanaiwale tsiku limene ndinapambana mtsutso kusukulu. "Mwana ameneyu angatsutse ngakhale wotchi."

Sankanama. Zamalamulo zinkandikoka ndithu. Mayi ankafuna udokotala, kuti tikakhale limodzi tizikasamalana, ndipo nawonso sankalakwa, chifukwa bayoloje ndinkakhoza kuposa Dokotala mwiniwakeyo. Koma panalinso china chimene sindinkachitchula. Kuseri kwa makalendala akale ndinkajambula nyumba, zipinda, mawindo, mpaka komwe dzuwa lidzalowere m'mawa. Maphunziro ojambula mapulani a nyumba ankachitikira mumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ine ndi Dokotala tinali tisanagonepo nyumba zosiyana chibadwire.

Titafika pamwamba paja, mayi wa mafizo anayamba kupinda ndi kuwongola mwendo wa bambo. Dokotala anagwada pafupi, maso ali mwaa, mafunso osatha. Ine ndinatuluka kukapuma. Nditasuzumira pansi ndinaona mayi wina wochepa thupi akukwera masitepe aja, atabereka mwana wake wamwamuna, mnyamata wandevu kale, miyendo yake ikukhukhuza pansi. Ankakwera pang'ono, n'kuima, n'kutsamira khoma. Mnyamatayo anali atabisa nkhope paphewa la mayi ake.

Ndinatsika kukawathandiza, koma mtima unali utandiwira. Masitepe aja sanamere okha ngati bowa. Munthu wina anakhala pampando, pensulo m'manja, n'kujambula chipinda cha anthu osayenda pamwamba penipeni, kenako n'kupita kwawo kukagona tulo tabwino.

Pobwerera m'minibasi, Dokotala anandigwira pamkono.

"Waona mmene chala chachikulu cha bambo chagwedezekera? Mitsempha ikudzuka, iwe!"

"Iwe waona masitepe aja?"

"Masitepe atani?"

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero chachilendo. Aka kanali koyamba kuti tipite malo amodzi n'kubwerako ndi nkhani zosiyana.

Kwathu nakonso kunali masitepe, ochoka pakhonde kutsikira pabwalo. Chidwalireni bambo anali asanatulukepo okha. Ankakhala pawindo kuyang'ana mabasi akudutsa mumsewu, akudandaula mmene madalaivala a masiku ano amasinthira magiya. Akafuna dzuwa ankadikira kuti wina awanyamule, ndipo poti sankafuna kuvutitsa, nthawi zambiri ankangoti sakulifuna.

Ndinapita kwa aneba athu owotcherera zitsulo, amene anali ndi simenti ndi njerwa zotsala pomanga shedi yawo. Anandibwereka wilibala ndi fosholo, akuseka.

"Mwana wamkazi iwe, wayambanso umisiri? Gitala uja anathera kuti?"

Ndinamanga kanjira kotsetsereka pambali pa masitepe, kosalala bwino, ndipo ndinkakathira madzi m'mawa uliwonse mpaka kanauma. Tsiku loyesa, lomwe linali Loweruka, mayi anali atayanika zovala pabwalo. Bambo anakana kuti wina awagwire.

"Dalaivala sakankhidwa," anatero.

Anasuntha chikuku ndi dzanja lawo limene sitiroko sinalikhudze. Matayala akutsogolo atangogunda potsetsereka, chikuku chinaliyatsa liwiro. Chinadutsa pabwalo ngati chaona mdani, chinawomba nsalu ya pabedi imene inali pachingwe, n'kukaima mumpanda wa maluwa. Mayi anaponya beseni. Dokotala anathamanga akulira. Ine ndinamutsatira pambuyo.

Titavundukula nsalu ija tinawapeza akuseka, misozi ili mbwembwembwe, tsamba lili pamutu.

"Mabuleki palibe!" anatero. "Koma ana inu, mphepo! Ndinaiwala kuti mphepo imakoma chonchi."

Mayi sanaseke nawo. Anandiloza chala, n'kunena kuti ndikafuna kupha munthu ndikaphe mwamuna wanga ndikadzakwatiwa. Dokotala anawapima bambo paliponse, ndipo atapeza kuti angokalika pang'ono pachigongono, anandiyang'ana ndi diso limene ankayang'ana nalo anyamata opusa a m'kalasi mwathu.

Madzulo ake bambo anandiitana pawindo paja.

"Msewu wako ndi wabwino, koma phiri lachuluka. Ndiye utani? Uusiya?"

Ankandidziwa. Zonsezonse akalephera chinthu ankapeza china chokongola kuposa pamenepo. Koma m'mawa mwake ndinadzuka anthu onse asanadzuke, n'kutenga hamala. Ndinaphwanya kanjira konse. Ndinayeza ndi chingwe, ndinajambula, ndinafufuta, ndinafunsa aphunzitsi anga akale a masamu za kapendekedwe koyenera. Kanjira katsopano kanayenera kutalika, kuyenda m'mbali mwa khoma, kukhala ndi popumira, kenako n'kukhota. Aneba aja anandiwotcherera chogwirira. Manja anga anatuluka matuza, matuzawo anaphulika, ndipo ndinadabwa kuona kuti sindikufunafuna chifukwa chothawira. Pa chakudya ndinkaganiza za pokhota paja. Kutchalitchi maso anga ankangoyeza makomo.

Bambo anatsika kanjira kachiwiri pang'onopang'ono, okha, n'kukafika pageti. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, akupatsa moni aliyense wodutsa, ngakhale amene sankawadziwa.

Dokotala ndinamuuza tikupinda zovala kuchipinda kwathu.

"Ndalemba za mapulani a nyumba."

Sanatukule mutu. Anapitiriza kupinda siketi imene anali atapinda kale.

"Chifukwa cha kanjira kamodzi, kamene kanatsala pang'ono kupha bambo?"

"Chifukwa kanatsala pang'ono kuwapha, ine n'kubwererako."

"Ukatopa nazo ngati gitala."

"Mwina. Koma ndikufuna ndikaone."

"Nanga ine?"

Anaponya siketi ija pabedi. Anatuluka, ndipo kwa masiku angapo tinkagona bedi limodzi titafulatirana, tikulankhulana kudzera mwa mayi ngati banja lokangana. Mayi nawo ankangopumira m'mwamba. Malume atamva anagwira m'chiuno.

"Loya wathu wapita kokakanda simenti! Koma chabwino. Udzandijambulire nyumba yosanja, pamwamba ndizidzabisala angongole."

"Pamwamba mudzakwera bwanji mukadzakalamba, malume?"

"Mwaona? Ndinanena ine kuti pakamwa apa n'pa loya."

Tsiku lina masana ndinamupeza Dokotala atakhala pa popumira pa kanjira kaja, akusenda lalanje. Anasuntha pang'ono kuti ndikhale. Anandipatsa theka osandiyang'ana.

"Ndikuopa," anatero. "Anthu amaona ngati wolimba ndine. Koma tikalowa penapake woyamba kulankhula umakhala iwe. Ine ndimangomwetulira kumbuyo kwako."

"Nanenso ndikuopa. Ndani azikandidzutsa?"

"Palibe. Uzikachedwa tsiku lililonse." Anatafuna lalanje, kenako anaseka pang'ono. "Koma ukudziwa? Nthawi zina ndimafuna nditalowa m'chipinda munthu osandifunsa kuti ndine uti."

"Ndiye umandikwiyira chiyani?"

"Chifukwa wayamba ndiwe kunena. Ndimafuna ndiyambe ine."

Ndinamugenda ndi khoko la lalanje.

Mayina atatuluka, tonse tinali titasankhidwa, aliyense kwake. Mayi analira kawiri, kulira kwa chimwemwe ndi kulira kwina kuja. Tinagawana zovala zimene kwa zaka zonse zinalibe mwini, ndipo tinakanganirana juzi imodzi mpaka bambo anaitenga n'kuivala okha.

M'mawa wanga woyamba ku hositelo ndinaima pagalasi, chipeso m'manja, kuti ndiluke tsitsi ndisanapite m'kalasi. Kutsogolo ndinagawa bwinobwino. Nditafika kunkhongo manja anaima. Ndinali ndisanagawepo mzere wa kumbuyo kwa mutu wanga. Ntchito imeneyo inali ya Dokotala, ndipo wake ndinkagawa ndine.

Ndinayesa ndi kagalasi kakang'ono, khosi litapindika. Mtsikana amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anadzuka, n'kundiyang'ana.

"Mzere wakhota, mnzanga. Wapita cha kukhutu. Ndikukonze?"

Ndisanayankhe foni inalira. Chinali chithunzi chochokera kwa Dokotala, chopanda mawu alionse. Anali atajambula kunkhongo kwake, ndipo mzere wake unali utakhotera khutu linalo.

"Usiye choncho," ndinamuuza mnzanga uja.

Ndinamanga tsitsi, ndinatenga mapensulo anga ndi rula yaitali imene inali isanagwirepo ntchito, n'kutuluka kukafunsa njira ya ku kalasi.