Botolo la mu Ndowa ya Pakona

Ku Tokyo malo odyera a Chikoreya alipo ambiri, ena amawotcha nyama bwino kuposa kwawo komwe, koma Taegyu anawadumpha onse n'kusankha lesitilanti ya Chifalansa ya pamwamba penipeni pa nyumba yosanja. Mlongo wake atamufunsa pafoni, anayankha kuti akufuna kulemekeza bambo. Linali bodza, ndipo mwini wakeyo ankadziwa.

Kwawo ku Tongyeong, ku Koreya, munthu sadzithirira yekha mowa. Wamng'ono amathirira wamkulu atagwira botolo ndi manja awiri, ndipo wamkuluyo akakhala kuti alibe naye chifukwa amatenga botolo n'kumuthirira nayenso. Wamng'onoyo amalandira ndi manja awiri, n'kutembenukira kumbali pomwa. A Yeom, bambo ake a Taegyu, anali asanamuthirirepo mwana wawoyu. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, tsiku limene anawauza kuti ulimi wawo wa nkhono za m'nyanja sakuufuna, akupita ku Japan kukajambula milatho, iye anawathirira mowa wa soju, iwo anamwa, kenako botolo analiika pansi pa tebulo osamuthirira. Kuyambira pamenepo nkhani zonse zinkadzera kwa mlongo uja.

Tsopano mkuluyo anali atabwera ndi gulu la alimi anzake kudzaona msika wa nsomba, ndipo anali ndi maola atatu a masana opanda chochita. Taegyu anaganiza mochenjera. Kwa Afalansa botolo silikhala pamaso panu, limakhala patali, m'manja mwa munthu wolembedwa ntchito yothira. Popanda botolo palibe wothirira mnzake, palibenso wokana. Mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, wa mkazi ndi nyumba yake, ankaopa kuonanso botolo likutsikira pansi pa tebulo.

A Yeom anatuluka m'chikepe atavala jekete lawo limodzi lija, la ku ukwati ndi ku maliro komwe.

"Wanenepa," anatero.

"Inu mwaonda, bambo."

"Ntchito imeneyo. Suidziwa iwe."

Taegyu anawakhazika patebulo la pawindo, la nsalu yoyera mbee. Mkuluyo anawerenga mafoloko ndi chala.

"Tikudikira anthu angati?"

"Ndi athu onsewa. Mumayambira yakunjayi."

"Ndiye kudya kwa malamulo ngati kukhoti."

Wothira vinyo anali mayi wa imvi, dzina lake Kuroda, woyenda mosamveka phazi. Anabwera ndi botolo la vinyo woyera, analionetsa kwa Taegyu, n'kumuthirira pang'ono kuti alawe, monga amachitira ndi amene waitana mnzake. Apa ndi pamene nzeru zija zinayamba kudontha. Taegyu anali ataiwala za mwambo umenewu, ndipo anapezeka akumwa bambo ake asanamwe, atawayang'ana m'maso.

"Kuno amayamba ndi ana?"

"Ndikungolawa, bambo, kuona ngati sanawonongeke."

"Eya, lawa. Ukagwa ndidziwa."

Mayi Kuroda anathirira onse awiri, botolo anakaliika mu ndowa ya madzi oundana pakona. Mbale yoyamba inabwera yaikulu ngati beseni, pakati pake pali nkhono imodzi yofundidwa kathovu. A Yeom anaiyang'ana nthawi yaitali. Munthu wokolola nkhono matani ndi matani pa chaka anakankhira thovulo kumbali ndi mpeni, anainunkhiza, n'kuimeza.

"Zinzake zathawa?"

"Imabwera imodzi."

"Yabwino koma. Ya madzi ozizira iyi, zaka ziwiri. Amene anailera si waulesi."

Anayankhula za mitengo ya zingwe, za bondo lawo, za mvula. Mbale zinkabwera n'kuchoka, msuzi wa dzungu, nsomba ya batala, buledi wolimba amene mkuluyo anati angaphe mbalame. Vinyo akangotsika pang'ono m'tambula, Mayi Kuroda anali atafika kale. Kwawo tambula saionjezera isanathe, ndiye a Yeom ankaona ngati akuwathamangitsa. Taegyu yekha ndiye anayamba kupuma bwino. Ola limodzi linali litapita popanda ngozi.

"Muuze mayiyu asiye botolo pano," anatero mkuluyo mwadzidzidzi.

Chijapanizi sankachimva, ndiye mawu onse ankayenera kudzera pakamwa pa mwana wawo. Taegyu anatembenukira kwa mayiyo.

"Bambo akuti vinyoyu wakoma kwambiri."

Mayi Kuroda anamwetulira, anawerama kuthokoza, anagawira onse awiri vinyo wotsala, n'kupita ndi botolo lake. Taegyu anamwa wakeyo kamodzin'kamodzi.

"Akuti chiyani?"

"Akuti malamulo a pano salola."

"Chiyankhulo chawo sindichimva," anatero a Yeom, "koma sindinaonepo munthu akukana atasangalala chonchija. Unkanama bwino uli mwana. Wasiya kuyeserera."

Anapukuta pakamwa, anaimirira, n'kuyamba ulendo wa pakona. Galu wamkota sakandira pachabe. Anadutsa pakati pa matebulo akukoka bondo lija, anthu a masuti akuyesetsa kusawaona, pakuti ku malo otere kudabwa kumaonedwa ngati umphawi. Woperekera zakudya wina anafuna kuwatsatira, koma Mayi Kuroda anamuletsa ndi diso. Mkuluyo anazula botolo mu ndowa n'kubwera nalo likudontha madzi pa kapeti.

Taegyu anachita mantha enieni. Zonse zimene anakonza zinali zatha, botolo linali m'manja mwa bambo ake, ndipo linali ndi kopita kuwiri kokha, ku tambula yake kapena pansi pa tebulo.

A Yeom anakhala pansi, analipendeketsa pamwamba pa tambula ya mwana wawo. Munatuluka madontho awiri. Analigwedeza, analiyang'ana ku kuwala kwa pawindo, munalibe kanthu. Mayi Kuroda ntchito yake ankaidziwa, sankasiya vinyo m'botolo.

"Ndiitanitse lina," anatero Taegyu.

"Basi ikudikira. Anzanga aja sadikira munthu."

Botololo analiika pakati pa tebulo, pa nsalu yoyera, madzi n'kuyamba kufalikira mozungulira. Kenako anatenga tambula yawo, mmene munali mutatsala vinyo wa makamwa awiri, anapukuta m'mphepete mwake ndi chala chachikulu chong'aluka ndi mchere, n'kuitambasula pamwamba pa mafoloko onse aja.

"Gwira."

Taegyu anatambasula dzanja limodzi, ngati munthu wolandira chikalata ku ofesi. Mkuluyo sanaisiye tambulayo.

"Linalo unasiya kuti?"

Dzanja lachiwiri linabwera lokha. Taegyu analandira, anawerama, n'kutembenukira kumbali monga mwa kwawo. Kumbaliko kunali windo, ndipo pansi patali sitima zinkadutsa pa mlatho wina umene si iye anajambula. Vinyo anali wofunda kale, ndipo anatha msanga.

Mayi Kuroda anabwera ndi nsalu youma kuti afunditse ponyowa paja, koma a Yeom anamukaniza ndi dzanja, ndipo zimenezo sizinafune womasulira. Ananyema buledi wolimba uja n'kuyamba kutafuna pang'onopang'ono, osayang'ana wotchi. Mwana wawo anali akuyang'anabe kuwindo, tambula yopanda kanthu ili pakamwa, ndipo iwo sanamuitane.