Mzere wa Kumabulugama

Millie atanena pamsonkhano wa antchito kuti a kapitawo Harold anamugwira mokakamiza m'munda wa tiyi, esiteti yonse inagawikana. Ena amati mkazi sangadzichotse ulemu pagulu popanda chomuchitikira. Ena amati umboni uli kuti? A Harold, anthu a mtima wapachala, anathamangira kukhoti kukamusumira Millie kuti wawaipitsira mbiri.

Amene zinamuthina ndi Angella, mlongo wawo wa a Harold. Ankathyola tiyi gulu limodzi ndi Millie, ndipo chimwalirireni mwamuna wake ankakhala ndi ana ake m'nyumba ya achimwene akewo kukomboni. Kwina kolowera analibe.

"Ukangonena kuti mtsikanayo ndi wabodza, basi," anatero a Harold. "Chibale ndi fupa, chemwali."

Azimayi anzake nawo anamupanikiza kusikelo yoyezera tiyi. "Iwenso ndiwe mkazi. Ukanene kuti unaona."

Angella anakwiya nawo onse. Aliyense ankangofuna kubwereka pakamwa pake ngati ndi mpeni wa pa neba. Iye sanaone kanthu. Chomwe ankadziwa n'chakuti kapitawo ndiye amagawa mizere ya tiyi m'mawa, ndipo mzere wogundana ndi mabulugama supatsidwa kwa mkazi yekha. Amapitako awiriawiri, poti kumeneko ngakhale utakuwa palibe angakumve. Millie ankatumizidwako yekha.

Tsiku la mlandu Angella anaima kukhoti ngati mboni.

"Munawaona a Harold akumugwira Millie?" anafunsa loya wa a Harold.

"Sindinawaone."

"Ndiye kuti Millie ananama?"

"Zimenezo sindikudziwa, bwana. Kumabulugamako kunalibe wina woti aone. Amene anamuchotsera mnzake n'kumutumako yekha ndi achimwene angawa."

Woweruza anauimitsa mlandu kaye. Panja azimayi aja anamufulatira Angella, ati wagulitsa mnzake. A Harold anamudutsa ngati chitsa. Zinamuwawa Angella, asakunamizeni munthu, moti anagwetsa misozi m'minibasi mpaka pa Chitakale.

Kukomboni anapeza mphasa, mapoto ndi zovala zili pabwalo, ana atakhalira pamwamba pake. Mlamu wake, mkazi wa a Harold, anasuzumira pawindo.

"Kungoti 'ananama', mawu amodzi okha, zinakuvutani, alamu?"

"Nanga akakhala kuti sananame?" anatero Angella.

Windo linatsekedwa. Angella anamanga katundu uja m'chitenje, n'kuuza ana kuti amusenze.